Gule wa chala amene anatibweretsa ku Kande

Ndinapita ku Joni, ine. Ndinapita ndi miyendo yanga, ndinabwera ndi mwamuna wanga. Imvani bwino, adzukulu anga a ku Lilongwe, inu amene Chitonga chimakudutsani ngati basi yodzaza. Ndalemba m'Chichewa kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Sukulu yanga ndi ya akuluakulu ija, ya pansi pa mtengo wa mango, ndinaiyamba imvi zitamera kale. Mukapeza chilembo chikutsimphina, chigwireni dzanja muyende nacho.

Pa utsikana wanga, kuno ku Kande, wotsogolera chilimika ndinali ine. Chilimika ndi gule wathu wa akazi wa pa chaka chatsopano, wa mizere, kampango koyera m'manja. Phazi lililonse latsopano ndinkaligwira ndi diso, kamodzi kokha, n'kulipangira nyimbo pomwepo. Ndipo pophunzitsa atsikana ndinali ndi lamulo langa: sindinkayang'anizana nawo, ndinkawapatsa msana. Mtsikana ukayang'anizana naye, iwe ukaponda kumanja iye aponda kumanzere, mzere wonse n'kusokonekera. Sungani zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

Agogo anu aamuna, bambo a Esinati, anachoka Esinati akuyamwa. Amuna a kunyanja kuno ndi mmene analili: ndevu zikangomera, maso ku Joni, kukaphikira azungu. Poyamba kunkabwera mabulangete, kunkabwera nsapato, inabwera ndi wailesi yomwe. Kenako zii. Mvula inagwa n'kutha, zii. Ina inagwa n'kutha, zii. Ku dambo kumene tinkaviika chinangwa, akazi anzanga anayamba kundiyang'ana ndi diso lija loyang'anira wamasiye.

Wina anati, "Asisi, amene uja watchona. Pezani wina akufolerereni nyumba."

Ndinati, "Watchona? Ndikakuone kutchonako ndi maso angawa."

Ndinagulitsa ufa, ndinagulitsa usipa wouma, ndinagulitsa ndi mbuzi imene anandisiyira malemu amayi. Esinati, mano akumwamba atagweruka kumene, ndinamusiya m'manja mwa apongozi anga aakazi. Pondiperekeza ku msewu apongoziwo sananene zambiri. Anangondigwira pamkono nati, "Ukampeze, ubwere naye. Mwana wanga adzagone pafupi ndi ine, osati kuchilendo."

Ndinati, "Yewu, ama. Ndamva."

Za ulendo wopita sindichulutsa. Malole, fumbi, njala, ndi mtsinje waukulu umene tinawoloka madzi ali m'chiuno, katundu pamutu, kutsatira munthu wodziwa njira za kutchire. Ku Joni ndinafunsa Mtonga uyu, anandilozera kwa Mtonga uyo, uyonso kwa wina, mpaka ndinaima kuseri kwa nyumba yaikulu ya azungu, pa khomo la kachipinda kochepa ngati khola la nkhunda. Anatuluka munthu wowonda, epuloni yoyera, mpeni wa anyezi m'manja.

"Mayi a Esinati! Mwabwera bwanji kuno?"

"Ndi miyendo. Sunthani, ndikhale pansi."

Mkazi wina? Ayi ndithu. Ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinanunkhiza ndi pilo yemwe. Chimene chinawatseka pakamwa zaka zonsezo ndi manyazi. Apolisi anawagwira chifukwa cha mapepala, anakhala m'ndende, anatuluka opanda ntchito, ndipo mwamuna wa ku Kande salemba kalata yopanda kanthu m'kati. Pamene ndinkafika n'kuti atangopeza kumene ntchito ina, ndi mapepala a dzina lobwereka, dzina la kumeneko, loti ine mpaka lero lilime limakana kulitchula.

Ndinakhala. Ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za azungu za mumsewu womwewo. Ndinachapa, ine! Ndinachapa malaya a anthu amene sanadziwe dzina langa, ndinasita mpaka nsalu zopukutira pakamwa. Kuzizira kwa ku Joni, ana inu, si kwa kuno kopempha chitenje chachiwiri. Kumeneko madzi a m'ndowa amagona n'kudzuka ali mwala. Manja anga anang'ambika ngati dothi la m'chilimwe, ndinkawapaka mafuta ophikira. Galimoto ya apolisi ikalowa mumsewu, wantchito wa nyumba yoyamba ankaimba mluzu, wachiwiri n'kulandira, ine n'kudziponya m'dengu la zochapa, zovala za dona pamwamba panga. Koma kuyimba sindinasiye. Pochapa nyimbo, posita nyimbo, sopo akatha nyimbo ya sopo. Dona wina ankandiletsa, ine n'kutsitsa mawu, iye akangotseka chitseko ine n'kukweza.

Ndipo ku Kande kunayambanso kufika zinthu. Yunifolomu ya Esinati, ndi manja awa. Malata a nyumba imene mumagonamo mukabwera pa holide, ndi manja awa ndi mpeni wa anyezi uja.

Lachinayi ndilo linali tsiku lathu lopuma, antchito a m'nyumba tonse. Tinkakumana pa kapinga wina pafupi ndi siteshoni: a ku Chintheche, a ku Mpamba, a ku Usisya, a ku Limphasa. Amene wangobwera kuchokera kumudzi ankamasula kathumba ka ufa wa kondowole, tonse n'kununkhiza kaye tisanagawane. Tinkasekana, tinkanyozana kuti a ku Usisya sadziwa msewu, amangodziwa bwato. Wodwala tinkamusonkhera, womangidwa tinkamuyendera.

Womwalira ndiye ankatisowetsa mtendere. A Manda a ku Mpamba, mkulu woseketsa amene anaphunzitsa bambo a Esinati kuphika nyama ya azungu, anamwalira m'nyengo yozizira. Kunyamula maliro mpaka kwathu kunali kosatheka. Tinawaika ku manda a kumeneko, aakulu ngati munda wa mpunga, mizeremizere, pamutu kachitsulo ka nambala, dzina ayi. Tinabwerera, ine ndi bambo a Esinati. Titafika pa khomo anavula chipewa nati, "Mayi a Esinati, ine musadzandisiye pa kachitsulo."

Ndinati, "Amayi anu ananena kale. Inu mwachedwa."

Tsopano khadi. Kunabwera nyengo imene bwana wawo analeka kupereka malipiro mu envulopu. Anawatengera ku banki, anawasainitsa dzina lobwereka lija, n'kubwerako ndi kakhadi kolimba, kochepa kuposa chikhatho. Anati ndalama zili m'khoma. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. M'khoma! Kwathu m'khoma mumakhala chiswe.

Koma zinalidi choncho. M'kanjira kena ka masitolo, kofoleredwa pamwamba, munali makina omangidwa m'khoma la banki: kakamwa kolowetsa khadi, kawindo kolemba Chizungu, ndi mabatani a manambala m'mizere. Ulowetse khadi, udinde nambala yako yachinsinsi, khoma likulavulire ndalama. Anthu athu analikonda khoma limenelo, ndikuuzeni chifukwa. M'kati mwa banki amakuyang'ana nkhope, amakufunsa mapepala, amakumva lilime kuti si la kuno. Khoma silifunsa kwanu. Ndalama zanga za kuchapa nazonso ndinayamba kuwapatsa kuti aziika momwemo, poopa kuzisunga pansi pa matiresi.

Nambala ija ndiye anandimana.

"Ndiuzeni, bambo a Esinati. Za mawa sizidziwika."

"Inu? Inu amene mumayimba ndi mtengo wa sopo womwe? Ndikakuuzani lero, mawa Kande yonse ivina nambala yanga."

Ndinakwiya pang'ono, koma ndinaseka, chifukwa sananame.

Pa khomapo anthu athu ankapita awiriawiri. Wina ayang'ane khoma, wina apereke msana ayang'ane anthu, kuopa atsotsi. Ndiye Lachinayi la kumapeto kwa mwezi, iwo maso ku khoma, ine msana kwa iwo, chikwama chili m'khwapa, nkhope yoopsa ngati msilikali. Koma kutsogolo kwangako kunali sitolo ya nsapato, ya galasi lalikulu loyera mbee. M'galasimo ndinkaona msana wawo, chigongono chawo, ndi chala chawo chikuyenda pa mabatani. Manambala sindinkawaona, ndipo ndikanawaona sakanandithandiza. Ine ndinkaona gule. Chala chikwera kumanja, chitsika pakati, chigwada kumanzere, chibwerera kumene chinachokera. Diso la chilimika silifunsa chilolezo, limangogwira. Pofika kunyumba nyimbo inali itapsa kale:

Kwera kumanja, tsika pakati,
gwada kumanzere, bwerera kwanu.

Ndinaiyimba zaka, posita malaya awo omwe, iwo ali pomwepo akumwa tiyi. Mawu ndinkameza, ndinkangotulutsa kamvekedwe kokha m'mphuno. Tsiku lina anati, "Kanyimbo kameneka n'kokoma. N'ka kwathu?" Ndinati, "Eya, n'ka kwathu." Khadi lawo sindinaligwirepo. Ndinkangosunga, ngati mbewu ya padenga.

Matenda anawapeza ali kukhitchini, mmawa, akukazinga mazira. Anagwa. Potuluka m'chipatala mbali yonse ya kumanja inali itafa: mwendo ukukokedwa, dzanja lili lende, pakamwa patapotoka. Mawu anathawa onse. Ankamva zonse, maso ali amoyo, koma akati ayankhule kunkangotuluka "aa, aa."

Dona wa nyumba imene ankaphikamo sanali woipa, sanalinso wabwino. Anatigulira matikiti a sitima mpaka ku Mesina, tauni yomaliza musanawoloke kulowa Zimbabwe, n'kunena kuti kachipinda kakufunika, kukubwera wophika wina. Pepala lobwererera kumudzi ndinakatenga ku ofesi ya dziko lathu. Zotsala zonse, basi, chakudya, malo ogona, mayiko awiri oti tidutse ndi munthu wosayenda, zinali m'khoma. Kulowa m'banki sikukanatheka: munthu wosayankhula, wosasaina, wa dzina lobwereka, akanatuluka ndi unyolo.

Anzathu a Lachinayi anati, "Musatape kuno. Atsotsi a pa siteshoni akaona mayi ndi wodwala pa khoma, simufika ndi pa sitima pomwe. Onse opita kumudzi amatapa ku Mesina. Koma mutape zonse, chifukwa mukangowoloka mlatho khadilo ndi chopalira mamba a nsomba basi."

Ndinawafunsa bambo a Esinati, "Nambala mukuikumbuka?" Anagwedeza mutu mwamphamvu, n'kudzigunda pachifuwa ndi dzanja lamoyolo. Ndinati chabwino. Mumtima ndinati, akaiwala, ine ndilipo.

Ku Mesina kunali kotentha ngati kwathu mvula ikayandikira, milambe ponseponse. Anatilandira a Kamanga a ku Usisya, amene ankathira mafuta pa malo omwetsera galimoto. Apaulendo athu onse ankagona kwa iwo. Anali munthu wamfupi, wolongolola, wakhala kumeneko mpaka tsitsi kuyera. Mmawa anabwereka wilibala, tinayalamo bulangete, tinawakweza bambo a Esinati ndi ndodo yawo, ulendo ku khoma.

Panjira a Kamanga anati, "Alamu, mumve bwino. Makina awa amapirira kawiri. Mukalakwitsa kachitatu amameza khadi, kwiti, ndipo salavula. Ngakhale muchoke mubwere mawa, amakumbukira. Ali ndi mtima wa apongozi."

"Apongozi anga ndi abwino."

"Ndiye si a ku Usisya."

Tinafika. A Kamanga anapereka msana kuyang'ana msewu. Ine ndinawaimiritsa bambo a Esinati, phewa langa lili m'khwapa mwawo, n'kulowetsa khadi. Anakweza dzanja lamanzere. Chala chinaima m'malere, chikufunafuna. Pamenepo ndinadziwa kuti nambala ija sinkakhala m'mutu mwawo ayi, inkakhala m'chala cha kumanja, chimene chinafa. Koma pang'onopang'ono chamanzerecho chinayamba kuyenda. Chinakwera kumanja, chinatsika pakati, chinagwada kumanzere, chinabwerera. Mtima wanga unati, ndi yomweyo, ndi nyimbo yanga!

Makina analira kamodzi, n'kulemba Chizungu. A Kamanga anacheuka, anawerenga, anati, "Akana."

Mumtima ndinati chala chinanjenjemera, mwina chinadinda pawiri. Ndinati, "Bambo a Esinati, pepani, gwirani phewa langa bwino." Ndinatambasula chala changa chochapira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaiyimba ndi mawu ake, pansipansi. Kwera kumanja, tsika pakati, gwada kumanzere, bwerera kwanu.

Mukanaona diso lawo! Linatseguka ngati la kadzidzi. Anandiyang'ana, anayang'ana chala changa, anandiyang'ananso. Kanyimbo ka posita kaja! Akanakhala ndi mawu, tsiku limenelo ndikanamva zambiri.

Makina analiranso kamodzi.

A Kamanga analumpha, anadinda batani lobweza khadi, n'kulitsomphola. "Alamu, basi! Basi! Kawiri kakwana. Tiyeni pamthunzi."

Tinakhala pa khonde la sitolo ina, tsidya la msewu. Bambo a Esinati m'wilibala, ine pansi, a Kamanga atanjuta. Analankhula mofatsa, ndipo ankafuna kutithandiza, Mulungu awadalitse kumene ali.

"Alamu, musataye khadi ili. Lisungeni, mwina mawu adzabwerera, adzakumbukira bwino. Khalani kwa ine. Ntchito yochapa kuno iliko. Adawa, amuna anuwa, azigona pa khonde langa, ndi pamphepo pabwino. Anthu athu alipo angapo kuno, amene anafika pa mlatho n'kulephera kuwoloka. Timasungana. Ndipo zikavuta, malo aliko, sitimutaya munthu."

Sanatchule kachitsulo, koma tonse tinakamva. Ndinayang'ana bambo a Esinati. Msozi unkatsika m'diso limodzi, la mbali yamoyo. Kuchokera pa khondelo msewu wopita ku mlatho unkaoneka, malole akudutsa, akupita kwathu.

Ine zikandivuta sindiganiza nditakhala. Ndinaimirira. Ndinamasula mpango kumutu, ndinaugwira m'dzanja, ndinayamba kuponda pang'onopang'ono pa khonde la eni ake. Kwera kumanja, tsika pakati. A Kamanga anati, "Alamu, mutu uli bwino? Anthu akuona." Ndinati, "Aone." Gwada kumanzere, bwerera kwanu. Ndinabwereza, ndinabwereza, ndikufunsa phazi langa kuti talakwa pati.

Potembenuka ndinakumana ndi mayi wina m'galasi la sitoloyo, wakuda, wotopa, mpango m'manja, akuvina nane. Ndinakweza mpango ndi dzanja lamanja. Iye anakweza la mbali inayo. Ndinaponda uku, iye anaponda ngati mtsikana wosamva amene wayang'anizana ndi mphunzitsi.

Mayo ine! Lamulo langa lomwe! Zaka zonse zija gule ameneyu ndinamuphunzira kwa munthu wa m'galasi la nsapato, ndipo wa m'galasi sakupatsa msana woona, amakutembenuzira. Kumanja kwake ndi kumanzere kwa mwini. Nanga chala cha bambo a Esinati chinalakwiranji chimodzimodzi? Yesani nokha pamene mwakhalapo: tambasulani manja onse awiri ngati mukusambira. Lina lipita uku, lina uko. Dzanja lamanzere likamatsanzira mnzake limavina motembenuza. Tonse awiri tinavina gule woona, koma chagada.

Ndinagwada pafupi ndi wilibala. Ndinagwira dzanja lawo lakufa lija, ndinaliika pa bondo lawo, ndinagwira chala chake n'kuchiyendetsa ine. Kwera kumanzere. Tsika pakati. Gwada kumanja. Bwerera kwanu. Ndinabwerezanso. Anatseka maso. Kenako ndodo yawo inagunda pansi, gu, gu, gu, gu, mogwirizana ndi nyimbo. Paunyamata wawo anali wa malipenga, sankaphonya ng'oma.

A Kamanga anati, "Alamu, kugunda ndodo si nambala. Akameza, mwatsala ndi wilibala, ndipo ndi yobwereka."

Ndinati, "Bambo a Esinati, khadi ndi lanu, thukuta ndi lathu, koma mafupa ndi anu. Mukati tikhale, tikhala, ndidzakuchapirani mpaka tsiku lomaliza. Mukati ndiyese, ndiyesa."

Anatambasula dzanja kwa a Kamanga. A Kamanga anazengereza, kenako anapereka. Bambo a Esinati analiyang'ana khadi lija, n'kuliika m'chikhatho changa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake, chimodzichimodzi.

Ndinawoloka msewu ndekha. Msana unali wowongoka. Ndinalowetsa khadi. Sindinanong'one ayi, ndinaiyimba ngati ndili kutsogolo kwa mzere pa bwalo la ku Kande. Kwera kumanzere! Tsika pakati! Gwada kumanja! Bwerera kwanu!

Zii.

Kenako kawindo kanasintha, kanalemba zambirimbiri. Ndinakuwa, "A Kamanga, thamangani, akuti chiyani?" Anabwera wefuwefu, anawerenga, anavula chipewa. "Akufunsa kuti mukufuna zingati." Anadinda iwo pamenepo. M'mimba mwa khoma munayamba kulira, kurrr, ngati munthu wadya nyemba zosapsa. Kakamwa kena kanatseguka. Ndalama, zatsopano, zofunda!

Nthungululu inatuluka yokha. Ndinaliza ya ukwati, ya mwana woyamba, ya ngalawa yobwera yodzaza. A Kamanga ankandikoka chitenje, "Alamu, chete! Mukuitana atsotsi a tauni yonse!" Tsidya la msewu, m'wilibala, munthu ankagunda ndodo pansi, akuseka ndi theka la pakamwa.

Khoma limapereka mwa muyezo, silikhuthula tsiku limodzi. Ndiye mmawa uliwonse ndinkapitako ngati kokaona mono, n'kubwera ndi za tsikulo, n'kuzisokera m'mphepete mwa nsalu ya m'kati. A Kamanga ankandilondera, akudandaula kuti ndichepetse mawu. Mmawa wina khoma linati zatha. Ndinalisisita ndi dzanja, ndinati, "Yewu, wasunga bwino." A Kamanga anakana kulandira chilichonse, anangopempha kuti ndikafika ndikatumize uthenga ku Usisya kuti akadali moyo. Ndinatumiza.

Tinawoloka mlatho. Harare, kenako Lusaka, chifukwa njira yachidule ya ku Mozambiki inali ya nkhondo. Pa basi iliyonse ndinkawabereka kumsana kukwera masitepe, chitenje chomangira pachifuwa ngati mwana. Makondakitala ena ankaseka, ena ankathandiza. Wina anati, "Mayi, katundu ameneyu alipira pawiri." Ndinati, "Katundu ameneyu anaphikirapo azungu, iwe ukudya mamina." Basi yonse inaseka, anatipatsa mpando wakutsogolo. Pa malire ndinkamasula ulusi pang'ono, kusintha ndalama za dziko limenelo, kusokanso. Titalowa m'dziko lathu, anyamata a chipani pa depoti anatigulitsa makhadi awo, langa ndi la munthu wosayankhula yemwe. Ndinalipira osatsutsa. Kwathu kunali kutayandikira, sinali nthawi ya mikangano.

Tinatsika pa msewu wa ku Kande dzuwa lili pamutu. Ndinawatsitsa, ndinawaimiritsa, mapazi awo onse awiri, lamoyo ndi lakufa, pa mchenga wa kwawo. Anaima nthawi yaitali, akununkhiza mphepo.

Mudzi unali utasintha. Kunabwera mayi wina wamtali, mwana kumsana, anagwada patali nati, "Timuoneni," ngati akulonjera alendo a boma. Ndinayankha, "Yewu." Kenako ndinaona mpata wa mano ake. Esinati! Ndinamusiya wogweruka mano, ndinamupeza wobereka. Mwana wa kumsanayo ndi amayi a ena mwa inu. Esinati anatenga masiku kuti anditchule ama osachita manyazi. Apongozi anali atatisiya mvula yapitayo, uthenga unatiphonya panjira. Munda wathu wa chinangwa anali atalima achimwene awo a bambo a Esinati, ndipo atationa anayang'ana wodwalayo, anayang'ana masutikesi athu ochepa, n'kunena, "Anzanu amabwera ndi njinga ndi makina osokera. Inu mwatibweretsera ntchito."

Ndinati, "Alamu, amayi anu sanandituma njinga."

Munda anabweza, theka.

Bambo a Esinati anakhala nafe ndithu. Ankakhala pa mpando pansi pa mango, akuyang'anira nkhuku, akukalipira ana ndi ndodo. Chaka chatsopano chitayandikira, atsikana a chilimika anabwera kudzandipempha phazi latsopano, la ku Joni. Ndinati ndili nalo. Ndinawapatsa msana, ndinawaphunzitsa.

Tsiku la gule tinawanyamula ndi mpando womwe mpaka pa bwalo. Ng'oma zinalira, mizere inalowa, timipango toyera m'mwamba. Atsikana a mudzi wonse, ndi a midzi ya pafupi, pakamwa pamodzi:

Kwera kumanzere, tsika pakati,
gwada kumanja, bwerera kwanu!

Ndinawayang'ana. Poyamba anakwinya nkhope. Kenako diso lija linatseguka ngati pa khoma paja. Anandiloza ndi ndodo, akugwedeza mutu, akuloza atsikana, akundilozanso ine, mapewa akugwedezeka ndi kuseka mpaka kutsokomola. Ndinawerama pa khutu lawo, ndinati, "Munanena nokha, bambo a Esinati. Kande yonse."

Anatisiya mango atatha. Anagona pa mphasa yawo, m'nyumba ya malata awo, Esinati atawagwira dzanja. Tinawaika kumanda a kwawo, pafupi ndi amayi awo, mutu ndi mutu. Pa mtanda palembedwa dzina lawo lenileni, la ku Kande, ndipo zilembo zimenezo ndi zimene ndinayamba kuphunzira kuwerenga pansi pa mango paja.

Khadi lija lilipo, ndimapalira mamba a utaka, limagwira bwino. Ndipo mukadzabwera pa chaka chatsopano, mudzaime kumbuyo kwanga, osati kutsogolo. Phazi loyamba ndi lamanzere.